Mbewa Zimene Zinamwa Mkaka Wanga

Ine ndinakulira ku Dedza, ndipo mbewa ndinayamba kudya mano asanathe n'komwe kumera. Kwathu palibe munthu amene angasokoneze mbewa ndi khoswe. Mbewa ndi ya kutchire, imadya mbewu za m'munda, ndipo ndi ndiwo. Khoswe ndi wa m'nyumba, wakuba, woyenda m'zimbudzi, ndipo ngakhale njala ivute bwanji munthu samuika pakamwa. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa m'tauni muno muli anthu amene anaiwala kusiyana kwake, komanso muli ena amene amaiwala dala akafuna kukupweteka.

Chaka chimene ndikunenachi tinkakhala ku Chinsapo, pa mdadada wa nyumba za lendi. Zitseko zonse zinkayang'ana kumodzi, bafa limodzi, chimbudzi chimodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi. Makoma a pakati sanafike kumalata, moti mnzako akayetsemula iwe umatha kumuuza kuti pepani uli pabedi pako. Alandilodi anali mayi wamasiye wachikulire, wopemphera, ndipo nyumba yawo inali kumapeto kwa mdadadawo, pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Nyumba imeneyi tinaipeza movutikira. Tisanabwere pamenepo tinkakhala ku Mtandire m'kachipinda kodontha, kumene mvula ikagwa tinkagona chokhala, ndipo ndinalumbira kuti kumeneko sindidzabwererako. Pa Chinsapo pansi panali simenti, sukulu ya mwana inali pafupi, ndipo lendi yake tinkaikwanitsa.

Tinali ndi ana awiri, mtsikana wa Sitandade 3 ndi khanda lachimuna limene linali lisanayambe kukwawa. Amuna anga ndi mmisiri womanga nyumba. Kuti tisamangodalira ufa wa pamsika, tinkabwereka kamunda kupitirira Likuni, ndipo chaka chimenecho Mulungu anatikomera mtima, chimanga chinachita bwino.

Tsiku lokolola tinapita tonse. Chimanga chinali chitaimikidwa m'mikukwe kuti chiume, ndipo amuna anga atagwetsa mkukwe woyamba, mbewa zinabalalika pansi pake. Iwo ndi chikwanje m'manja, phaa! Anapha imodzi yonenepa n'kuyamba kuimba mluzu ngati apha gwape. Mtsikana wanga ndi amene anaona chisa. Chinali cha udzu ndi makoko a chimanga, ndipo m'katimo munali tiana tinayi tosaphenya, tofiirira, ubweya utangoyamba kumera ngati ndevu za mnyamata wa Fomu 1.

"Ababa, mwapha mayi wawo," anatero mwanayo.

"Ndapha ndiwo," anayankha bambo ake. "Timeneto tisiye, nyerere zidya."

Apo ndiye analakwitsa. Mwana wangayu ndi wachisoni chibadwire, woti nkhuku ikamazingidwa amathawira kuseri atatseka makutu. Ndipo mlandu wina unali wa bambo ake omwewo. Iwo ndi amene ankakonda kusimba zoti pamene ankamanga mpanda kwa azungu ena ku Area 10, anaona mwana wa pakhomopo akuweta khoswe woyera m'kanyumba kawaya. Ati khosweyo anali ndi mbale yakeyake, chakudya chake ankachita kukagula kusitolo, ndipo mwanayo ankamupsompsona pamphuno. Ankasimba kuti tiseke, ndipo tinkasekadi mpaka nthiti kuwawa. Sitinadziwe kuti mmodzi mwa omvera sankaseka, ankasirira.

Pobwerera madzulo chisa chonse chinali m'thumba la diresi lake. Ndinachiona, koma ndinangoti asewere nacho, pofika mawa palibe kamene katsale kamoyo.

Mawa linafika, mbewa zili moyo. Amuna anga ananyamuka kupita ku Mchinji kumene anapeza ntchito yomanga ya milungu ingapo, n'kundisiyira ana awiri ndi alendo anayi. Mtsikana anapeza chitini chakale, anaboola chivindikiro ndi msomali, pansi anayalapo sokosi ya bambo ake. Zonse anazipatsa maina a anthu, amene sindilemba pano chifukwa eni ake ena akadali ku Chinsapo konko. Anayesa kuzimwetsa phala lamadzimadzi ndi kamtengo ka machesi. Kamodzi kanatupa mimba n'kufa. Analira tsiku lonse, kenako anapita nako kuseri kwa bafa n'kukwirira, atagwada, akung'ung'udza nyimbo ya maliro.

Madzulo ake ndikuyamwitsa khanda, anakhala pafupi nane n'kumangoyang'ana bere, osaphethira.

"Amayi, mkaka wanu ndi wambiri eti?"

"Choka apa iwe."

"Ukungotayika. Taonani bulauzi yanu yanyowa."

Sananame. Mkaka ndinali nawo wochuluka kuposa umene khandalo likanatha, ndipo popita kumsika ndinkachita kupinda kansalu pachifuwa. Kumudzi ndinaonapo amayi akufinyira mkaka wa m'mawere m'diso la mwana wodwala maso, ndiye sindinauone ngati chinthu choopsa. Chimene ndinaona ndi nkhope ya mwana wanga yotupa ndi kulira, basi. Ndinafinyira pang'ono m'kachitsekerero ka botolo. Tinakulunga thonje kunsonga ya kamtengo ka machesi, kuviika, n'kuika pakamwa pa kambewa kamodzi. Kanagwira thonjelo ndi timanja take tiwiri n'kuyamba kuyamwa.

Ndinaseka. Kenako ndinasiya kuseka, chifukwa bere linalo linayamba kudontha lokha monga limachitira khanda likalira.

Kulera ana a mbewa ndi ganyu wosalipidwa. Mimba zake n'zazing'ono, ndiye zikamwa pang'ono zakhuta, pakangopita kanthawi zayambanso kalire kake kopyapyala. Zikazizidwa zimangoti zii ngati zafa, ndiye tinkathira madzi ofunda m'kabotolo n'kukaika m'sokosi muja. Zikamaliza kumwa umayenera kuzisisita pamimba ndi kansalu konyowa kuti zikodze, ntchito imene make amagwira ndi lilime. Zimenezi ndinaziona kwa amphaka kumudzi. Mwana akapita kusukulu, zonsezi zinkagwera ine, mayi wamkulu wa ana awiri, amene ndadya mbewa zosawerengeka pamoyo wanga. Ndipo ndinene zoona, ndinayamba kuzikonda. Tsiku limene zinaphenya ndinachita kukamudikira mwanayo panjira kuti ndimuuze.

Pachitseko choyandikana nafe pankakhala mayi wina wa ku Ntcheu wogulitsa tomato ndi bonya pamsewu. Tinkaitanana kuti aneba. Tinkapalana moto, kubwerekana sefa, ndipo ine ndikapita kuchigayo ankandiyang'anira khanda. Amuna awo anali bambo wokonda kachasu kuposa ntchito. Abale akumudzi anali atawatumizira thumba la chimanga, ndipo thumbalo linkaphwa msanga kuposa mmene banjalo linkadyera. Ine ndinkadziwa chifukwa chake. Khoma lija losafika kumalata silinkabisa kanthu. Mayi akangopita kubenchi lawo, ndinkamva bambo akumasula thumba, chimanga chikuthiridwa m'jumbo, chitseko chikutsekedwa pang'onopang'ono. Koma za m'banja la eni salowerera, ndiye ndinatseka pakamwa. Mayiyo ankadandaula tsiku ndi tsiku pachingwe cha zovala kuti chimanga chawo chikuyenda, pamene matumba athu a ku Likuni anali ataunjikana pakona, oonekera kwa aliyense wodutsa pakhomo.

M'nyumba mwathu munali mdima ngakhale masana, chifukwa kawindo kanali kamodzi kokha. Pakamwa pa kambewa m'pang'ono, ndipo ukaphonya n'kudonthezera m'mphuno, katsamwa. Ndiye m'mawa wina, mwana atapita kusukulu, khanda litagona, ndinatenga chitini n'kukakhala kuseri, pakampata ka pakati pa khoma ndi mpanda, pamene dzuwa linkafika. Ndinayesa kuti anthu onse apita kukasaka chakudya. Ndinatulutsa bere ndikufinyira m'kachitsekerero, mbewa zitatu zikukwera pa chitenje changa, imodzi itafika kale pamkono ikununkhiza kumene kukuchokera fungo la mkaka.

Ndinangomva chidebe chagwa. Aneba anali ataima pakona akuchokera kubafa, chitenje chili m'khwapa, sopo ali pansi m'dothi.

"Mayo ine!"

"Aneba, dikirani ndikuuzeni. Ndi za mwana izi."

"Ndaona, ndaona ndi maso angawa. Yesu wanga! Ndiye zija mwana wanu ankakwirira kuseri kwa bafa akuimba, zinali zimenezi?"

Sanadikire yankho. Anathawa osatola ndi sopo yemwe.

Wina angafunse kuti choopsa n'chiyani pamenepo. Anthu amakhulupirira kuti pali ena amene amaweta makoswe otuma. Amati mwini wake amawasunga m'chitini kapena mumphika, amawadyetsa za m'thupi mwake kuti azimumvera, ndipo amawatuma kukatuta chimanga ndi ufa kwa anzake n'kumadzathira m'matumba ake. Ine ndemwe ndinakula ndikumva zimenezo, ndipo sindinganene kuti sindinazikhulupirirepo. Ndinadziyang'ana mmene ndinalili: bere panja, chitini pambali, mbewa pamkono, matumba odzaza m'nyumba. Ndikanakhala kuti ndi ine amene ndikuchokera kubafa, nanenso ndikanathawa.

Pofika masana nkhani inali itafika pa kiyosiki ya madzi. Nditafika ndi ndowa yanga, azimayi anasuntha ndowa zawo kuti ndidutse, ulemu umene sindinapatsidwepo chibadwire. Palibe anandipatsa moni. Mayi wina anakokera mwana wake kumbuyo. Tsiku lotsatira mtsikana wanga anabwera kuchokera kusukulu yunifolomu itang'ambika paphewa, ati anzake amamufunsa kuti lichero la amayi ake limakwera anthu angati. Tsiku linanso, dzuwa lili paliwombo, mwala unagwa padenga pathu, khanda n'kudzidzimuka. Nditatuluka sindinaone munthu, koma zitseko zonse za mdadada zinali zotseka, chinthu chosachitika masana.

Mantha anandigwira, mantha enieni. Tonse tinamvapo za anthu amene anatchulidwa ufiti m'malokeshoni muno, mmene zimayambira ndi mwala umodzi n'kudzatha katundu ali pamsewu, mwinanso nyumba ikuyaka. Ndipo dzina limenelo ukalitenga limasamuka nawe. Landilodi wa ku Kawale kapena ku Biwi amayamba wafufuza kuti kumene mukuchokerako mwachokako bwanji.

Ndinaimbira foni amuna anga. Anayamba ndi kuseka, koma atamva za mwala anasiya.

"Katayeni zinthuzo m'chimbudzi pompano," anatero.

Ndinabisa chitini m'chitenje mpaka kuchimbudzi. Nditavundukula pamwamba pa dzenje, zonse zitatu zinaimirira ndi miyendo yakumbuyo kudikira chala changa, chifukwa zinazolowera kuti chivindikiro chikatseguka ndiye kuti kwabwera chakudya. Panthawiyo zinali zitamera ubweya wotuwa bwino, zikudya gaga ndi nsinjiro, mkaka zitatsala pang'ono kuusiya. Ndinavindikiranso. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ine ndinkadziwa chimene chisweke ndikamenya. Ndinapangana ndi mwana wanga kuti Loweruka tikwera minibasi, tikazisiye kumunda kumene tinazitenga. Analira koma anavomera. Anandiuza kuti ndilumbire kuti sindizipha, ndipo ndinalumbira.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Lachisanu masana alandilodi anatumiza uthenga woti ndibwere, ndipo ndibwere ndi chitini.

Pansi pa mtengo wa mapeyala panali patadzaza. A pamdadada onse analipo, ndi ena a mapuloti oyandikana. Pageti panaima anyamata a kabaza ndi ena ongoyendayenda, ndipo ndinaona awiri ali ndi zidutswa za njerwa m'manja, akuziponya m'mwamba n'kumaziwakha ngati akusewera. Alandilodi anakhala pampando wawo, ife pamphasa. Khanda linali kumsana kwanga, mtsikana atandigwira chitenje.

"Amake mwana," anayamba alandilodi, "ine pano ndakhala zaka zambiri popanda phokoso. Sindifuna apolisi, sindifuna moto. Anzanu akuti mukuweta makoswe. Ngati n'zoona, lero lomwe dzuwa lisanalowe katundu wanu akhale kunja kwa geti. Notisi palibe."

"Amayi, si makoswe. Ndi mbewa za kumunda kwathu."

"Bodza!" anakuwa amuna a aneba, fungo la kachasu likufika pamene ndinakhala. "Chimanga changa chatha mpaka pakati pa thumba! Chapita kuti?"

Apa mtima unandipsa. Ine ndi munthu woti ndikapsa mtima lilime limatsogola, nzeru zimabwera pambuyo.

"Chapita m'jumbo, bambo. Chimapita m'mawa uliwonse mayi akangotuluka. Kafunseni kumene mumamwa."

Ndinayesa anthu aseka. Palibe anaseka. Kenako bamboyo anatembenukira gulu, manja ali m'mwamba.

"Mwamva? Za m'nyumba mwanga, chitseko chotseka, akuzidziwa bwanji? Amawauza ndani? Si zomwezi zili m'chitinizi?"

Gulu linang'ung'udza, ndipo anyamata a pageti analowa m'kati mwa mpanda. Aneba anayang'ana pansi. Ndikuganiza kuti pamenepo anadziwa kuti ndikunena zoona, koma ndinali nditawavula pagulu, ndipo kwa iwo kunali kwapafupi kukhala ndi neba wa mfiti kusiyana ndi mwamuna wakuba m'nyumba mwake momwe.

Alandilodi anandiuza kuti nditsegule chitini. Anthu anabwerera m'mbuyo, kenako anayamba kusuzumira. Wina ati makoswe, taonani michira. Wina ati ayi, akapukutu awa, timbewa totuwa ta m'minda. Wina ati zotuma zimasintha maonekedwe. Anthu obadwira kumudzi, amene amaimitsa minibasi pamsewu wa ku Dedza kuti agule mbewa zapandodo, tsiku limenelo onse anachita khungu.

"Nanga munthu wabwinobwino amawetera chiyani mbewa?" anafunsa alandilodi. "Nkhuku timaweta, nkhunda timaweta, mbira timaweta. Mbewa?"

Yankho loona linali loti mwana wanga amazikonda, ndipo inenso. Koma yankho limenelo pa Chinsapo ndi lachizungu, palibe akanalimva. Chinthu chimene sudya, sugulitsa, sichilondera nyumba, sichigwira makoswe, munthu angachisungire chiyani ngati si zamatsenga? Ndinayang'ana njerwa zija. Ndinamva khanda likupuma pamsana panga.

"Ndi ndiwo, amayi," ndinatero. "Timati zikule kaye."

Kadzanja ka mwana wanga kanasiya chitenje changa.

"Ngati ndi ndiwo, adye," anatero aneba osandiyang'ana. "Adye pompano tione. Zotuma mwini wake sadya. Akadya amapenga, kapena kufa kumene."

"Eee, adye! Adye!" linavomereza gulu.

Alandilodi sanali mayi woipa. Ndikuganiza kuti anaona kuti khomo lotulukira ndi lokhali, kwa ine ndi kwa iwo omwe.

"Bweretsani mbaula," anatero.

Ndinamasula khanda n'kumubereketsa mtsikanayo.

"Pita ukagule mchere kuokala ya kumsewu waukulu. Osati yapafupiyi, ya kumsewu."

"Mchere ulipo m'nyumba."

"Ndati pita."

"Amayi, munalumbira."

"Pita!"

Ndinamukalipira ndi mawu amene ndinali ndisanamukalipirepo. Anapita akucheuka.

Mbewa ya kutchire ukaigwira imaluma, imaphiriphitha, ndipo umaipha mtima uli m'malo chifukwa mwalimbana. Izi zinakwera zokha m'dzanja langa. Ndinachita mmene ndinaphunzirira kumudzi, kugwira kumchira n'kumenyetsa mutu pamwala kamodzi. Yachiwiri inaona, koma sinathawe. Yachitatu, imene inali yaing'ono kuposa zinzake ndipo inachedwa kusiya mkaka, inayamba kunyambita chala changa. Nkhope ndinaiumitsa, chifukwa maso onse anali pa ine kufuna kuona ngati ndilira. Ndinazitumbula ndi kamtengo, kuziwiritsa m'kapoto ndi mchere wa m'nyumba mwanga, kenako kuziwamba pamakala. Fungo lake linali lomwe lija la kumudzi, limene kale linkandidzetsa malovu. Zinali zazing'ono moti zonse zitatu sizikanakhutitsa ndi mwana yemwe.

Ndinadya ndi ubweya womwe, ndi mitu yomwe, monga timadyera kwathu. Palibe chimene ndinamezapo movutikira ngati chimenecho. Chinthu chimene chayamwa mkaka wako si ndiwo, kaya anthu anene zotani, ndipo thupi langa linkadziwa zimenezo. Mseru unkakwera, ine n'kumaubweza, chifukwa kusanza pamenepo kukanakhala kuvomera mlandu. Mumtima ndinkawatukwana onse. Ndinkati, kuti mukhulupirire kuti sindine mfiti, mwandidyetsa ana amene ndayamwitsa.

Ndikutafuna yomaliza ndinamuona mtsikana wanga. Anali ataima pageti, khanda kumsana, kapepala ka mchere m'manja, akupuma mwawefuwefu. Anali atathamanga njira yonse. Sanalire, sanakuwe.

Anthu anakhala akundiyang'ana, kudikira kuti ndipenge. Ndinakhala pamphasapo, manja pamiyendo, nanenso ndikuwayang'ana mmodzimmodzi. Alandilodi anandifunsa dzina langa, dzina la mudzi wakwathu, ndi kuti lero n'lachingati. Ndinayankha zonse. Patapita nthawi mnyamata wina wa kabaza anaseka.

"Aaa, amayiwa angodya mbewa zawo basi. Tiyeni tizipita, makasitomala atithawa."

Njerwa zinagwa pansi. Anthu anayamba kuchoka, ena akuseka, ena okhumudwa ngati anthu amene mpira wawo waimitsidwa ndi mvula.

"Nkhani yatha," anatero alandilodi. "Amake mwana akhala. Ndisamvenso mwala padenga langa. Koma inunso, mbewa muzidyera kumunda konko."

Aneba anadutsa pafupi nane n'kunena chapansipansi kuti, "Sole." Sitinapalanenso moto mpaka pamene anasamuka.

Nyumba ndinaipulumutsa. Tinakhala pamenepo zaka zina, mwana wanga anamaliza pulayimale pasukulu yomweyo, ndipo palibe ananditchulanso dzina lija. Mukandifunsa lero ngati ndikanachita mosiyana, ndikuuzani kuti ayi. Amene akuti iye akanakana, sanaonepo njerwa m'manja mwa anyamata ana ake ali pambali. Koma tsikulo silinathere pansi pa mtengo.

Nditalowa m'nyumba, mtsikanayo anali ataima pakona ya matumba, khanda likadali kumsana. Linkalira ndi njala, likudzipotokola. Ndinakhala pansi n'kutambasula manja.

"Bwera naye ayamwe."

Sanasunthe.

"Iwe, sukumva? Mwana ali ndi njala."

Anabwerera m'mbuyo mpaka anatsamira matumba, dzanja limodzi litagwira mfundo ya nsalu pachifuwa, linalo likadafumbata mchere uja.

"Amayi," anatero ndi mawu aang'ono, "nanga akadzanena kuti uyunso ndi wotuma?"

Ndinafuna kumukalipira, koma ndinamuyang'ana m'maso. Sankandinyoza. Ankafunsadi, ndipo ankandiopa. Mwana wobereka ndekha ankateteza mlongo wake kwa ine, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa zonse za tsikulo.

Sindinamulande. Ndinakhala pomwepo, manja otambasula, khanda likulira, mpaka dzuwa linachoka pakawindo. Pamene anabwera naye, sanandipatse n'kupita kukasewera monga ankachitira kale. Anakhala pambali panga atagwira kaphazi ka mlongo wake mpaka atamaliza kuyamwa.